Timasamba tobiriwira ta pa katoni ya matailosi ndi pa chitini cha polishi: timalonjeza chiyani?

Msika wa fodya ukatsegulidwa, mahadiweya a pa Kasungu boma amadzaza. Amene anakhoma malata chaka chatha tsopano akufuna kukonza pansi. Wina akufunsa simenti ndi okisaidi wofiira, wina matailosi, wina kapeti wa pulasitiki woyeza pa mita, ndipo ochepa amene zawayendera akuloza timatabwa tolumikiza tija tooneka ngati mbawa. Pa makatoni ndi pa zitini za katunduyu pamakhala zizindikiro zambirimbiri: kamtengo, katsamba, kaduwa, dziko lapansi lili m'manja, zilembo ndi manambala. Mukafunsa wogulitsa amangoti, "Zimenezi zikusonyeza kuti ndi orijino, bwana." Koma zina mwa zizindikirozo kumbuyo kwake kuli malabotale, anthu oyendera mafakitale ndi mfundo zolembedwa, pomwe zina anangozijambula pa kompyuta munthu wokongoletsa katoni.

Pansi pa nyumba ndi pofunika kupaganizira mofatsa chifukwa ndi pamene pamakhala ana. Mwana wokwawa amaswera pamenepo, kugwira, kuika zala m'kamwa, mphuno yake ili pafupi ndi fumbi komanso mpweya wotuluka m'zomatira. Wokolopa ndi kupaka polishi, amene kawirikawiri ndi mayi, mtsikana wa pakhomo kapena wantchito, amagwada n'kumapuma fungolo pafupi, manja ali m'ndowa opanda magolovesi. Madzi okolopera amakhuthulidwa pabwalo, ndipo mvula ikabwera amatsikira kudambo, ku zitsime zosaya, mpaka ku Dwangwa ndi ku Bua. Komanso katunduyo asanafike kwanu, kwinakwake kunagwa mtengo kapena kunayaka ng'anjo. Zizindikiro za chilengedwe zinabwera kudzayankha nkhawa zimenezi, koma palibe chimodzi chimene chimayankha zonse. Chilichonse chili ndi funso lakelake, ndipo wogula amene salidziwa funsolo angathe kulipira ndalama zambiri pa chinthu chimene palibe anamulonjeza.

Bungwe la ISO, lolemba milingo ya katundu ndi ntchito padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linagawa zizindikirozi m'magulu atatu. Gulu loyamba, la ISO 14024, ndi limene lili ndi mano. Bungwe loima palokha, losapanga kapena kugulitsa katunduyo, limalemba mfundo, limayeza katunduyo, kenako n'kupereka chilolezo chokhala ndi nambala komanso tsiku lothera. Chakale kwambiri m'gululi ndi Blue Angel cha ku Germany, chomwe chinayamba mu 1978. Nordic Swan cha maiko a kumpoto kwa Ulaya ndi Green Seal cha ku America zinabwera mu 1989, ndipo kaduwa ka EU Ecolabel kanatsatira mu 1992. Gulu lachiwiri, la ISO 14021, ndi la zimene kampani imadzinenera yokha. Sikuti zonse ndi bodza ayi, ndipo mfundo za gululi zimaletsa mawu ongokometsera monga akuti katunduyu "ndi wokonda chilengedwe" popanda kutchula chenicheni chimene munthu angachitsimikize. Komabe aliyense wa kuno amadziwa chifukwa chake ku okushoni mlimi sadziikira yekha giredi ya fodya wake. Gulu lachitatu, la ISO 14025, ndi lipoti la manambala lotchedwa EPD, lonena kuchuluka kwa mphamvu, madzi ndi utsi zimene zinapita popanga chinthucho. Lipotili silinena kuti katunduyo ndi wabwino kapena woipa. Limathandiza akatswiri ojambula mapulani akamayerekeza mitundu iwiri, osati munthu woima pa kauntala.

Pali zilembo zina zimene zimasokoneza anthu ambiri. ISO 9001 imanena za kayendetsedwe ka ntchito pa kampani. ISO 14001, yomwe inatuluka koyamba mu 1996, imanena kuti kampaniyo ili ndi dongosolo loyang'anira zinyalala ndi utsi wake, koma sikuti palabotale payezedwa chitini chimene mwanyamulacho. Zilembo za CE amaika ndi wopanga katundu mwiniwake posonyeza kuti watsatira malamulo a msika wa ku Ulaya. Zonsezi si zizindikiro za chilengedwe za katunduyo.

Kwathu kuno chidindo chimene chili ndi mphamvu ya lamulo ndi cha Malawi Bureau of Standards. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1972, likulu lake lili ku Blantyre, ndipo limayang'aniranso katundu wolowa m'dziko kudzera m'zipata monga cha Mchinji. Chidindo cha MBS chimanena kuti katunduyo wakwaniritsa mlingo wa dziko la Malawi pa ubwino ndi chitetezo. Sichinena za nkhalango kapena za nsomba. Ngakhale zili choncho, ine ndimachiika patsogolo pa timasamba tonse tochokera kunja, chifukwa eni ake ali m'dziko mommuno ndipo mungathe kukawadandaulira. Nkhani ya penti ndi umboni. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi ndipo linapeza mtovu wambiri m'mitundu ina ya penti wa mafuta. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo kuonongekako sikubwezeka. Mlingo umene bungwe la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, limalimbikitsa maiko kutsatira ndi wakuti mtovu usapyole 90 ppm, kutanthauza magawo 90 pa magawo miliyoni imodzi a penti. Zotsatirazo zitadziwika, MBS inayamba kukhwimitsa kalondolondo kwa opanga penti. Amene akufuna kupenta khonde kapena pansi pa kalasi akumbukire kuti penti wa pansi amapaluka ndi mapazi, n'kusanduka fumbi lomwe ana amadya.

Tibwere ku mpweya wa m'nyumba, kumene kuli nkhani yaikulu. Fungo la "chatsopano" limene timalikonda tikayala kapeti kapena tikamata matabwa ndi mankhwala amene akuuluka kuchoka m'katunduyo. Akatswiri amawatchula kuti VOC. Ena amangopweteketsa mutu ndi kuyabwitsa maso, ena amautsa mphumu. Wodetsa nkhawa kwambiri ndi formaldehyde, amene amapezeka mu guluu womatira utuchi popanga matabwa opanikiza, omwe ndiwo mtima wa timatabwa tolumikiza tija. Mu 2004 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. N'chifukwa chake pa katoni ya matabwa oterewa muyenera kufufuza zilembo E1, mlingo wa ku Ulaya wosalola formaldehyde kupyola mamiligalamu 0.124 pa kiyubiki mita ya mpweya, kapena CARB Phase 2 ndi TSCA Title VI za ku America. Chizindikiro cha FloorScore, chomwe chinayamba mu 2005 ndipo amachipereka ndi a SCS Global Services, komanso cha GREENGUARD cha kampani ya UL, zimayang'ana mankhwala ouluka ambiri, osati formaldehyde yekha. Pa makapeti a ulusi pali Green Label Plus.

Kayezedwe kake nkofunika kukamvetsa. Potsatira njira ya ku California imene FloorScore imagwiritsa ntchito, amadula kachidutswa ka katunduyo, kukasunga masiku 10, kenako kukatsekera m'kabokosi ka chitsulo maola 96, mpweya woyera ukulowa ndi kutuluka. Pa tsiku la 14 amayeza zimene zili mu mpweya wotulukawo, n'kuwerengera kuti zikanakhala zochuluka bwanji m'kalasi kapena mu ofesi. Kutentha kwa m'kabokosimo kumakhala madigiri 23. Tsopano taganizani chipinda cha malata chopanda siling'i ku Santhe kapena ku Chamama mwezi wa Okutobala masana. Kutentha ndi chinyezi zikakwera, formaldehyde amatuluka wambiri. Choncho chiphaso chimenecho ndi choona, koma chinayezedwa m'nyengo imene si yathu. Mwayi wathu ndi wakuti masana mazenera amakhala otsegula. Koma usiku timatseka kuopa udzudzu ndi akuba, ndipo mu Juni timatsekeratu chifukwa cha chisanu. Amene wayala katundu wotere ndi bwino asiye chipindacho chotsegula kwa masiku angapo asanagonekemo khanda, chiphaso chikhalepo kapena ayi.

Ndipo chizindikiro chingathe kunama. Mu Malichi 2015 wailesi ya kanema ya CBS ku America inaulula kuti matabwa ena ochokera ku China amene kampani ya Lumber Liquidators inkagulitsa anali ndi formaldehyde wopyola mlingo, ngakhale makatoni ake anali olembedwa kuti akwaniritsa CARB Phase 2. Kampaniyo inasiya kugulitsa matabwawo chaka chomwecho. Ngati izi zinachitika m'dziko lokhala ndi malabotale ponseponse, kuli bwanji katoni imene yadutsa m'manja mwa amalonda anayi kapena asanu kuchokera ku doko la Dar es Salaam kapena Beira.

Kapeti wa pulasitiki, amene ambiri timathamangira chifukwa ndi wotsika mtengo, amapangidwa ndi PVC. Kuti afewe n'kumapindika amathiramo mankhwala otchedwa phthalates, ndipo ena mwa iwo amasokoneza mahomoni ndi ubereki. Kuyambira mu 2020 maiko a European Union salola mitundu inayi ya mankhwalawa, kuphatikizapo DEHP, kupyola 0.1 peresenti m'katundu wambiri wa m'nyumba. Mankhwalawa sauluka msanga ngati VOC, amalowa m'fumbi pang'onopang'ono, ndiye chiphaso cha mpweya pachokha sichikutsimikizirani kuti mulibe. Sichinenanso za mapeto a kapetiyo. Akang'ambika, kwathu kuno amathera kudzala n'kuotchedwa, mwinanso kukolezera mbaula, ndipo PVC ikamapsa imatulutsa utsi wa asidi ndi poizoni wotchedwa dioxin. Kukwirira kuli bwino kusiyana ndi kuotcha. Chenjezo lina ndi la amisiri okonza nyumba zakale za boma ndi za mishoni: timatailosi takale ta pulasitiki tina tinali ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo, choncho si bwino kutipala kapena kutiphwanya touma.

Pa matabwa enieni funso limasintha, limakhala lakuti mtengowu unachokera kuti. Apa ndi pamene pamabwera kamtengo ka FSC. Bungwe la Forest Stewardship Council linakhazikitsidwa mu 1993 ndipo likulu lake lili ku Bonn. Lina lofanana nalo ndi PEFC, la mu 1999. Oyendera ovomerezeka pansi pa madongosolo awo amapita m'nkhalango kuona ngati mitengo ikudulidwa mwadongosolo, ngati antchito akusamalidwa ndiponso ngati ufulu wa anthu okhala pafupi ukulemekezedwa. Akatero amatsatira thabwalo kuchoka m'nkhalango, kupita kocheka, kufakitale, mpaka kwa wogulitsa, ndipo aliyense pa mzerewo amayenera kukhala ndi chiphaso chake. "FSC 100%" ikutanthauza kuti thabwa lonse ndi la m'nkhalango yovomerezeka, "FSC Mix" ndi losakaniza, "FSC Recycled" ndi logwiritsidwanso ntchito. Pansi pa kamtengoko pamakhala nambala yoyamba ndi FSC-C, imene mungaifufuze pa intaneti ndi foni yanu. Koma FSC sinena chilichonse za guluu kapena vanishi.

Apa pali chinthu chimene chimandipweteka mtima. Thabwa la mlombwa kapena la mbawa limene mmisiri wa kuno amagula kwa ocheka ndi sowo silidzakhala ndi kamtengo kameneka, chifukwa chiphasocho chimafuna ndalama zolipira oyendera ndi mapepala amene wocheka wa kumudzi sangakwanitse. Chonsecho mitengo yathu ndi imene ikutha. Amene anakula akuona nkhalango ya Chimaliro kapena mapiri a Mchinji akudziwa mmene makala, ng'anjo za njerwa, zigafa ndi mabani a fodya zadyera mitengo yachilengedwe. Mu 2019 dziko la Malawi ndi limene linapempha kuti mtengo wa mukula uikidwe pa ndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yakutha, ndipo zinatheka. Mu 2022 mitundu ya mu Africa ya banja la mlombwa, la mbawa ndi la msambamfumu inaikidwanso pa ndandanda womwewo, kutanthauza kuti malonda ake odutsa malire amafuna zilolezo. Choncho kwa ife pepala lofunika pogula matabwa a mitengo yachilengedwe ndi chilolezo cha ku nthambi ya za nkhalango, pansi pa lamulo la 1997 lomwe linakhwimitsidwa mu 2020. Wogulitsa akamazemba funso lakuti thabwali lachokera kuti, mwayankhidwa kale. Paini ndi bulugamu wodzala ndi anthu, monga wa ku Chikangawa kapena wa m'minda ya anthu, sakhala ndi mlandu womwewo.

Matailosi a dothi lootcha ndi simenti savuta pa nkhani ya mpweya wa m'nyumba. Tailosi imaotchedwa pa moto wopyola madigiri 1000 ndipo simatsala chouluka. Vuto lake lili kufakitale, kumene kumapita mphamvu zambiri, komanso kwa mmisiri amene amaidula youma ndi galayindala, fumbi loyera lili phulusaphulusa kumaso, popanda chotseka pamphuno. Fumbi limenelo limaumitsa mapapo, ndipo kuthira madzi podula kumalichepetsa kwambiri. Simenti nayo, imene timaidziwa bwino poti fakitale ya Shayona ili m'boma lathu lino, ndi ya m'gulu la mafakitale amene padziko lonse amatulutsa pafupifupi 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide.

Koma pasapezeke munthu wogwiritsa ntchito nambala imeneyi kuuza mayi wa kumudzi kuti apitirize kuzira ndi mtsiro. Ku Mexico boma linathira simenti m'nyumba za anthu osauka pansi pa ndondomeko ya Piso Firme, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2009 anapeza kuti kuchotseratu pansi pa dothi kunachepetsa matenda a tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono ndi 78 peresenti, kutsegula m'mimba ndi 49 peresenti. Pansi pokolopeka ndi nkhani ya moyo wa ana. Ku Rwanda bungwe la EarthEnable, lomwe linayamba mu 2014, limapanga pansi pa dothi lotsendera lomata ndi mafuta a mbewu, polimba ndi pokolopeka, pa mtengo wotsika kusiyana ndi simenti. Nzeru ngati imeneyi ndi imene ingayenere midzi yathu, ngakhale ilibe kaduwa ka ku Ulaya.

Zotsukira ndi zopaka ndizo timagula mwezi ndi mwezi, choncho m'kupita kwa zaka zimaposa zoyala zija kuchuluka kwake. Green Seal ili ndi mlingo wa GS-37 wa zotsukira za m'maofesi, m'sukulu ndi malo ena akuluakulu, komanso GS-40 wa mapolishi ndi mankhwala ochotsera polishi wakale. GS-40 imaletsa phthalates, zitsulo zolemera kuphatikizapo zinc amene opanga ambiri amathira kuti polishi alimbe, ndi mankhwala ochititsa thovu a gulu la alkylphenol ethoxylates, omwe akafika mumtsinje amasokoneza kuswana kwa nsomba. Kwa ife iyi si nkhani ya kutali, poti Bua, amene amayambira ku Mchinji, ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa amakwera kukaswana kuchokera ku nyanja. Ku America kulinso chizindikiro cha boma cha Safer Choice, chimene chimaunika chosakaniza chilichonse pachokha. Mawu akuti mankhwala "amawola" alinso ndi muyeso wake. M'mayeso ambiri a m'labotale otchedwa OECD 301, chinthu chimayenera kuphwanyika ndi 60 peresenti m'masiku 28. Botolo longolembedwa kuti "biodegradable" popanda kutchula muyeso silinakuuzeni kanthu.

Zimene zimagwiritsidwa ntchito m'makomo ambiri a kuno, komabe, zili kunja kwa dongosolo lonseli. Pali Cobra wa m'chitini, ndiye pali polishi wopanga tokha. Mayi amaswa makandulo m'chitini cha kale, kuika pa mbaula, phula likasungunuka n'kuthiramo parafini ndi okisaidi, kutakasa ndi kamtengo mpaka zitagwirana. Khonde limawala ndithu, munthu kudziona nkhope, koma parafini pafupi ndi makala oyaka waotchapo anthu, ndipo fungo lake limakhala m'nyumba tsiku lonse. Ngati mukupanga, phulani chitinicho kaye, pitani nacho panja kutali ndi moto, ndipo muthire parafini pamenepo. Palinso sopo wamadzi ndi mankhwala onunkhira a paini ogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa kapena a zakumwa zoziziritsa kukhosi, opanda dzina la wopanga, opanda ndandanda wa zosakaniza. Achinyamata amene akupanga zimenezi akudzithandiza ndipo sindikuwanyoza, koma mwana waludzu sasiyanitsa botolo lotero ndi la chakumwa, ndipo akamwa, adokotala kuchipatala alibe poyambira kudziwa chimene chalowa m'mimba. Kapepala kolembedwa zosakaniza ndi nambala ya foni ya wopanga sikafuna ndalama zambiri.

Zizindikiro zimene aliyense wogwira chikolopa ayenera kuzidziwa si zobiriwira, ndi zofiira. Ndi timabokosi tooneka ngati daimondi ta mzere wofiira, ta dongosolo la United Nations lotchedwa GHS lomwe linatuluka koyamba mu 2003. Lawi la moto ndiye kuti chimayaka. Madontho odya dzanja ndi chitsulo ndiye kuti chimaotcha khungu ndi maso. Nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma ndiye kuti madzi ake asapite kudambo. Ndipo Jik asasakanizidwe ndi mankhwala a m'chimbudzi a asidi, viniga kapena chilichonse chokhala ndi ammonia, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Ambiri amasakaniza poganiza kuti akuonjezera mphamvu, bafa ili yotseka.

Munthu mmodzi wogula kachitini kamodzi sangasinthe zimene wa hadiweya amaoda. Amene angasinthe ndi ogula zambiri: khonsolo, zipatala, sukulu zogonera komweko, mipingo, malo ogona alendo ndi makontilakitala omanga makalasi. Iwo akamalemba tenda angathe kunena kuti penti asapyole 90 ppm ya mtovu, matabwa opanikiza akhale a E1, matabwa enieni abwere ndi zilolezo zake, ndipo mankhwala otsukira abwere ndi chikalata chake cha chitetezo, chija cha zigawo 16 chotchedwa SDS, chimene wopanga aliyense wolongosoka amakhala nacho. Zinachitikapo kale pa njerwa: malamulo a 2018 a National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, ndipo lero mabuloko a simenti akuumbidwa m'matauni ambiri.

Wogula payekha, akaona chizindikiro, afufuze dzina la bungwe lochipereka ndi nambala ya chilolezo. FSC, SCS Global Services, UL, Green Seal ndi EU Ecolabel onse ali ndi ndandanda pa intaneti pamene mungalembe nambalayo kapena dzina la katunduyo. Onetsetsani kuti chiphasocho ndi cha mtundu womwe mukugulawo, osati cha katundu wina wa kampani yomweyo, komanso kuti tsiku lake silinapitirire. Mufunsenso za guluu womatira, poti nthawi zambiri amagulidwa payekha ndipo angathe kununkha kuposa chimene akumatacho. Pomaliza tengani lisiti yolembedwa dzina la katunduyo ndi nambala ya pa katoni, chifukwa mukadzapita ku MBS kapena ku Competition and Fair Trading Commission kukadandaula, adzayamba kukufunsani imeneyo.